Nthawi ya Mahomoni ndi Kaberekedwe ka Nkhosa: Mbiri ya Kafukufuku ndi Phunziro Lake ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mu 1985, akatswiri atatu a ku Bunda College, a L. A. Kamwanja, a J. A. Ayoade ndi a T. P. E. Makhambera, adapereka lipoti lofotokoza za mbuzi ndi nkhosa za m'dera la Mitundu pa msonkhano wa bungwe la ILCA ku Addis Ababa. Lipotilo lidaika ziweto za m'midzi yozungulira phiri la Bunda m'mabuku a sayansi ya ziweto mu Africa. Kuchokera nthawi imeneyo papita zaka zambiri, koma dandaulo la woweta nkhosa wa ku Mitundu kapena ku Nathenje silidasinthe kwenikweni. Nkhosa yaikazi imatha chaka osatenga bere ngakhale yamphongo ili pafupi. Ina imaswa mu Januwale mvula ili pakati, mwana n'kufa asadakwanitse mwezi. Ina imaswa bwinobwino koma n'kumukana mwana wake.

Mavuto atatuwa amaoneka osiyana, koma onse amakhudza chinthu chimodzi, chomwe ndi nthawi imene mahomoni amabwera ndi kuchoka m'thupi la nkhosa. Mahomoni ndi timadzi tomwe ziwalo zina za thupi zimatulutsira m'magazi kuti tikauze ziwalo zina chochita. Nkhaniyi ikutsata mbiri ya momwe akatswiri adadziwira kuti kwa nkhosa nthawi ndi dongosolo la mahomoni n'zofunika mofanana ndi kuchuluka kwake, kenako ikuyika zomwe adapezazo pa kalendala ya ulimi wa kummwera kwa boma la Lilongwe.

Nkhosa m'chigwa cha Lilongwe

Nkhosa ya makolo m'Malawi muno ndi yaubweya waufupi ndiponso ya mchira wamafuta. Mchirawo ndi nkhokwe yake: imasungamo mafuta msipu ukachuluka, n'kumagwiritsa ntchito m'chilimwe. Nkhosa zakhala zochepa kwambiri poziyerekeza ndi mbuzi. Kalembera wa ulimi ndi ziweto wa 2006/07 adapeza mbuzi zopitirira 2 miliyoni m'dziko lonse, pamene nkhosa sizidafike 100,000. Kuchepa kumeneku kuli ndi zotsatira zake pa kaberekedwe. Banja lomwe lili ndi nkhosa zazikazi zinayi kapena zisanu nthawi zambiri silisunga yamphongo yakeyake, ndipo limadalira ya mnzake wa m'mudzi womwewo kapena woyandikana nawo.

Kafukufuku wa zaulimi m'chigwachi adayamba ndi mbewu. Siteshoni ya Chitedze idakhazikitsidwa mu 1948, ndipo pulogalamu ya Lilongwe Land Development Programme, yomwe idayamba mu 1968 ndi thandizo la World Bank, idaika mtima kwambiri pa chimanga, mtedza, fodya ndi ng'ombe zonenepetsa. Bunda College idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 pafupi ndi Mitundu, ndipo kuyambira mu 2012 ili pansi pa LUANAR. M'zaka za m'ma 1980, pulojekiti ya ziweto ya maboma a Malawi ndi Germany idagwira ntchito yokweretsa nkhosa za makolo ndi za mtundu wa Dorper, ndiponso mbuzi za makolo ndi za Boer, pa famu ya Lifidzi ku Salima. Dorper ndi nkhosa ya ku South Africa yomwe idapangidwa pokweretsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, ndipo bungwe la oweta mtunduwu lidakhazikitsidwa mu 1950.

Ntchito yambiri ya nthawi imeneyo idali yofuna nkhosa yaikulu thupi ndi yokula msanga. Funso loti nkhosayo ikwere mwezi uti, ndipo iswe mwezi uti, lidatsalira kwa mlimi ndi kwa mwayi. Komatu yankho lake lidali litafufuzidwa kale kumayiko ena kwa zaka zoposa makumi asanu.

Masiku 17 a nkhosa yaikazi

Mu 1903, F. H. A. Marshall wa ku Britain adafalitsa kafukufuku wofotokoza mwatsatanetsatane momwe thupi la nkhosa yaikazi limasinthira kuchokera pa nthawi ina yofuna mphongo kufika pa inzake. Zomwe zikudziwika lero n'zakuti nkhosa yopanda bere imafuna mphongo pakatha masiku pafupifupi 17, ndipo imalola kukweredwa kwa maola 24 mpaka 36 okha. Dzira limatuluka chakumapeto kwa maola amenewa. Pamalo pomwe dziralo latulukira pamamera kachiwalo kachikasu kotchedwa corpus luteum, komwe kamakhalapo pafupifupi masabata awiri. Ngati nkhosa sidatenge bere, kachiwaloka kamafota ndipo zonse zimayambiranso.

Marshall adaona zochitikazi koma timadzi toziyendetsa tidali tisadapezeke. Mu 1929, Edward Doisy ku America ndi Adolf Butenandt ku Germany, aliyense payekha, adapatula homoni yoyamba ya gulu la oestrogen. M'chaka chomwecho George Corner ndi Willard Allen adasonyeza kuti corpus luteum imatulutsa chinthu chosunga bere, ndipo mu 1934 chinthucho chidapatulidwa, n'kudzatchedwa progesterone. Mu 1930, Cole ndi Hart a ku California adapeza m'magazi a hatchi yabere homoni yokulitsa mazira, yomwe mpaka pano imagulitsidwa ndi dzina loti PMSG kapena eCG.

Pamenepo nkhaniyi idaoneka ngati yatha. Oestrogen ndiye amapangitsa nyama kufuna mphongo, progesterone ndiye amaletsa. Mlimi akafuna kuti nkhosa ikwere, aibaye oestrogen basi. Koma atayesa, zidakanika. Mlingo wochepa wa oestrogen, wofanana ndi womwe thupi limatulutsa lokha, nthawi zambiri sumasintha khalidwe la nkhosa. Mlingo waukulu umatha kuyimitsa nkhosa kuti ikweredwe, koma bere osaoneka. Padalinso chozizwitsa china chomwe akatswiri adaona m'zaka za m'ma 1930 popima nkhosa zophedwa: dzira loyamba la nyengo yokwerana limatuluka mwakachetechete, nkhosa osaonetsa chizindikiro chilichonse ndiponso osalola yamphongo.

Zomwe Robinson adapeza mu 1954

Yankho lidachokera ku Australia. T. J. Robinson adagwiritsa ntchito nkhosa zazikazi zochotsedwa mabasiketi a mazira, kuti homoni iliyonse yopezeka m'magazi mwake ikhale yomwe iye waibaya. Adasinthasintha dongosolo, mlingo ndi masiku. Mu 1954 adafalitsa zotsatira zomwe zidasintha sayansi yonse ya kaberekedwe ka nkhosa.

Nkhosa yolandira oestrogen yekha imafunika mlingo waukulu kuti ilole mphongo. Yolandira progesterone ndi oestrogen nthawi imodzi siilola. Koma yomwe yalandira progesterone kwa masiku angapo, kenako n'kusiyidwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako n'kulandira oestrogen wochepa, imalola mphongo mofanana ndi nkhosa yabwinobwino. Choncho progesterone ali ndi ntchito ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Akadali m'magazi amatseka chilakolako. Akachoka amasiya ubongo uli wokonzeka kumva oestrogen. Zili ngati munda: kugalauza kumayamba, kubzala kumatsatira, ndipo wofesa mbewu khasu likadali kutembenuza dothi amangotaya mbewu yake.

Izi zidamasulira dzira lachete lija. Nkhosa yomwe yakhala miyezi osatulutsa dzira ilibe corpus luteum, motero ubongo wake sudalandire progesterone. Dzira loyamba limatuluka, koma khalidwe silisintha. Corpus luteum yotsalira pa dzira limenelo ndiyo imakonza ubongo, ndipo pakatha masiku 17 nkhosa imalola mphongo. Zomwezi zimachitika kwa msoti womwe ukungotha msinkhu, ndiponso kawirikawiri kwa nkhosa yomwe ikuyambiranso itatha kuyamwitsa.

Zaka zotsatira zidadzaza mipata yotsala. Mu 1971 magulu a Andrew Schally ndi Roger Guillemin adazindikira kapangidwe ka GnRH, homoni ya mu ubongo yomwe imalamula kutuluka kwa LH, ndipo gulu la Guillemin lidaipeza m'maubongo a nkhosa. Mu 1972 John McCracken ndi anzake adasonyeza kuti chiberekero cha nkhosa chimatulutsa prostaglandin F2 alpha, yomwe imafotetsa corpus luteum ngati palibe bere. Mu 1982 Iain Clarke ndi James Cummins adakwanitsa kuyeza GnRH m'mitsempha ya pansi pa ubongo wa nkhosa yamoyo, n'kuona kuti imatuluka mwa apo ndi apo, modumphadumpha. Dongosolo lonse lidaoneka tsopano. Progesterone akatsika, kudumpha kwa GnRH ndi LH kumafulumira, dzira limakula n'kutulutsa oestrogen, oestrogen amasintha khalidwe ndiponso amadzutsa LH wambiri nthawi imodzi, ndipo dzira limatuluka patatha pafupifupi tsiku limodzi. Homoni imodzi yomweyo imayendetsa khalidwe ndi dzira, n'chifukwa chake nkhosa imalola mphongo pa nthawi yeniyeni yomwe umuna ukufunika.

Kuchokera ku jakisoni kufika ku siponji

Mu 1948, Dutt ndi Casida a ku Wisconsin adasonyeza kuti kubaya nkhosa progesterone tsiku ndi tsiku kumaimitsa kufuna mphongo, ndipo jakisoni akalekeka nkhosa zonse zimafuna mphongo pafupifupi nthawi imodzi. Njirayi idali yotopetsa pa gulu lalikulu. Mu 1965 Robinson yemwe uja adafalitsa njira ya siponji yonyikidwa m'mankhwala ofanana ndi progesterone, yomwe imaikidwa m'njira ya chiberekero. M'zaka za m'ma 1980, ku New Zealand adapanga kachipangizo kotchedwa CIDR kogwira ntchito yomweyo.

Malamulo a njirayi onse ndi a nthawi. Siponji imakhala masiku 12 mpaka 14, kutsanzira moyo wa corpus luteum. Pochotsa, nkhosa imabayidwa eCG ngati pakufunika. Zambiri zimafuna mphongo patatha maola 36 mpaka 48. Ngati akugwiritsa ntchito umuna wothira ndi chipangizo, amathira patatha maola pafupifupi 55. Ngati akugwiritsa ntchito nkhosa yamphongo, imodzi isapatsidwe zazikazi zopitirira 10, chifukwa zonse zimafuna tsiku limodzi. Prostaglandin nayonso ili ndi nthawi yake: imagwira pokhapokha nkhosa ili ndi corpus luteum yokhwima, ndipo ikabayidwa kwa nkhosa yomwe ili ndi bere laling'ono imatha kutaya berelo.

Kwa woweta wa nkhosa zisanu ku Nathenje, siponji ndi eCG ndi zinthu zochokera kunja, zofuna ndalama, dokotala wa ziweto, ndipo eCG imafuna furiji. Malo ake oyenera ndi mafamu ochulukitsa mitundu ndi masiteshoni a kafukufuku. Phindu la mbiriyi kwa mlimi wamng'ono lili m'njira ina yomwe idapezeka kale siponji isadabwere.

Fungo la nkhosa yamphongo

Mu 1944, Underwood, Shier ndi Davenport a ku Western Australia adaona kuti nkhosa zazikazi zomwe zidatalikirana ndi zamphongo, zikaphatikizidwa mwadzidzidzi, zimaswa mothithikana m'masiku ochepa. Zaka khumi pambuyo pake P. G. Schinckel adasonyeza kuti zambiri zimatulutsa dzira m'masiku oyambirira yamphongo itangofika, koma mwakachetechete. Cha m'ma 1980, Graeme Martin, Chris Oldham ndi David Lindsay adayeza magazi n'kupeza kuti kudumpha kwa LH kumafulumira pakangotha mphindi zochepa yamphongo italowa. Knight ndi Lynch a ku New Zealand adasonyeza kuti ubweya ndi mafuta a pakhungu la yamphongo, pazokha, zimatha kuchita zimenezi. Chodzutsa chachikulu ndi fungo.

Masiku ake amayenda motere. Dzira lachete limatuluka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Kwa nkhosa zina corpus luteum yoyambayo imakhala bwino, ndipo zimalola mphongo cha pa tsiku la 18. Kwa zina imafota msanga, patatha masiku pafupifupi 6, dzira lina lachete limatuluka, ndipo zimalola mphongo cha pa tsiku la 24. N'chifukwa chake gulu lotere limakwera m'magawo awiri otalikirana pafupifupi sabata imodzi.

Apa pali msampha kwa mlimi wobwereka nkhosa yamphongo. Akaisunga sabata imodzi kapena awiri, osaona kukwerana kulikonse, amaganiza kuti yamphongoyo ndi yofooka kapena zazikazi zake ndi zosabereka, n'kuibweza kwa mwini wake. Koma ntchito yoyamba idachitika kale m'thupi, ndipo masiku okwera akadali kutsogolo. Yamphongo yobwereka iyenera kukhala masiku osachepera 35, ndipo masabata asanu ndi limodzi ndi abwino koposa chifukwa amapatsa mwayi wachiwiri nkhosa yomwe sidatenge bere koyamba. Njirayi imagwira pa zazikazi zomwe zidali zitaima kutulutsa mazira. Pa zomwe zikuyenda kale m'masiku awo 17, kufika kwa yamphongo sikusintha zambiri.

Dzuwa la ku Cambridge ndi dzuwa la ku Mitundu

Mabuku ambiri ophunzitsira ulimi wa nkhosa adalembedwa kumayiko ozizira, kumene nkhosa zimakwera masiku akayamba kufupika. Mu 1937 Marshall adafotokoza kuti nkhosa zotumizidwa kuchokera kumpoto kwa dziko lapansi kupita kummwera zimatembenuza nyengo yawo yokwerana. Mu 1949 N. T. M. Yeates adatsimikiza ku Cambridge, pogwiritsa ntchito magetsi ndi makola amdima, kuti chowongolera ndi kutalika kwa usana. Mu 1952 E. S. E. Hafez adasonyeza kuti mitundu yochokera kutali ndi equator imakhala ndi nyengo yaifupi yokwerana. Homoni ya melatonin idapezeka mu 1958, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Eric Bittman ndi Fred Karsch a ku Michigan adasonyeza kuti nkhosa imayeza kutalika kwa usiku potengera maola omwe melatonin amakhala m'magazi. Apanso uthenga uli mu nthawi: mlingo womwewo utaperekedwa kwa maola ochepa umatanthauza china, utaperekedwa kwa maola ambiri umatanthauza chinanso.

Ku Cambridge usana umasintha kuchokera pa maola osakwana 8 kufika pa opitirira 16. Mitundu ndi Nathenje zili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, ndipo kusiyana kwa usana wa Juni ndi wa Disembala sikufika maola awiri. Nkhosa za makolo, ngakhalenso za Dorper, zimatha kutenga bere mwezi uliwonse. Izi sizitanthauza kuti miyezi yonse ndi yofanana. Dzuwa likachepa mphamvu, zowongolera zina zitatu zimatsala: chakudya, kuyamwitsa ndi kupezeka kwa yamphongo. Nkhosa yowonda imachepetsa kudumpha kwa LH, ndipo yoyamwitsa ili yowonda imachedwa kwambiri kuyambiranso. Zitatu zonsezi m'chigwa cha Lilongwe zimalamulidwa ndi munda.

Kalendala ya munda

Mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala n'kutha cha mu Epulo. Mbewu zikamera, mbuzi ndi nkhosa zimamangidwa pa chingwe kapena kudyetsedwa ndi abusa kudambo, kuopa milandu ya kwa mfumu. Nthawi yomweyo ndi ya ndalama za feteleza, za sukulu ndi za Khirisimasi, ndipo chiweto choyamba kupita kumsika nthawi zambiri chimakhala champhongo. Zokolola zikalowa, cha mu Meyi ndi Juni, ziweto zimatayiriridwa m'minda. Zimapeza mapesi a chimanga, zotsalira za mtedza ndi soya, ndiponso zamphongo za makola ena. Chakudya chabwino ndi fungo la yamphongo zimafika sabata imodzi. Mudzi umachita wokha zomwe Underwood adaona mu 1944.

Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147, ndipo masamu ake ndi osavuta. Nkhosa yokwera pa 1 Juni imaswa cha pa 26 Okutobala. Mwana m'mimba amakula kwambiri m'masabata asanu ndi limodzi omaliza, ndipo masabata amenewa amagwera mu Sepitembala ndi Okutobala, pomwe mapesi atha, tchire lapsa ndipo madambo ambiri ali ndi madimba. Mwana amabadwa wochepa, mayi ali ndi mkaka wochepa, ngakhale msipu watsopano uli pafupi. Nkhosa yokwera pa 1 Sepitembala imaswa cha pa 26 Januwale, m'khola muli matope, mayi ali pa chingwe. Iyi ndi nthawi yomwe njoka zam'mimba zoyamwa magazi za mtundu wa Haemonchus zimachuluka, ndipo nkhosa yomwe yangoswa imafooka chitetezo n'kumataya mazira ambiri a njokazi pamsipu pomwe mwana wake ayambire kudya. Nkhosa yokwera pa 1 Disembala imaswa cha pa 27 Epulo. Bere lake lonse limakula pa msipu wobiriwira, mwana amabadwa mvula ikutha, ndipo mayi amayamwitsa m'masika chakudya chili chambiri.

Powerengera motere, kukwera kwa kumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala kuli ndi ubwino woonekera. Koma imeneyi ndi nthawi yomwe sichitika yokha, chifukwa zazikazi zimakhala zowonda ndi chilimwe ndipo zamphongo zimakhala zomangidwa kwina kapena zogulitsidwa. Mlimi woifuna ayenera kuikonza. Zamphongo zitalikirane ndi zazikazi kwa mwezi kapena kupitirira, m'khola lina lakutali ndithu, popeza mpanda wa bango suletsa fungo. Ana aamuna osafunika kubereka afulidwe akadali aang'ono. Masabata awiri kapena atatu yamphongo isadalowe, zazikazi zipatsidwe chakudya choonjezera: madeya, zotsalira za mtedza zosungidwa pamthunzi, masamba a nandolo, a lukina kapena a gliricidia, ndiponso zipatso za msangu zomwe zimagwa m'chilimwe. Yamphongo ikalowa pa 10 Novembala, zazikazi zomwe zidali zitaima zimayembekezeka kuilola cha pa 28 Novembala ndi cha pa 4 Disembala.

Yamphongo nayo ili ndi nthawi yake. Umuna umatenga masabata pafupifupi 7 kuti upangike, ndi masabata ena awiri kuti ukhwime. Yamphongo yomwe idadwala, idawonda kapena idavutika ndi kutentha mu Okutobala imatha kuoneka yamphamvu mu Disembala koma umuna wake uli wofooka. Chakudya ndi mthunzi wake ziyambe miyezi iwiri isadagwire ntchito.

Apa ulimi wa mbewu ndi wa ziweto zimakumana. Chigwa cha Lilongwe ndi kwawo kwa mtedza, kuyambira Chalimbana mpaka CG7 yemwe adatulutsidwa mu 1990 kuchokera ku ntchito ya ICRISAT ku Chitedze. Masamba ndi mitengo ya mtedza zili ndi zomanga thupi zambiri kuposa mapesi a chimanga. Zikasiyidwa m'munda zimadyedwa mu Juni ndi ziweto za mudzi wonse kapena kutenthedwa. Zikasungidwa pa thandala zimadyetsa nkhosa mu Novembala, pa masabata omwe chakudya chimasanduka mazira.

Mbewu zimathanso kusokoneza mahomoni. Mu 1946, Bennetts, Underwood ndi Shier adafotokoza kusabereka kwa nkhosa za ku Western Australia zomwe zinkadya mtundu wina wa clover wokhala ndi zinthu zofanana ndi oestrogen. Oestrogen wa m'msipu amafika tsiku lililonse popanda dongosolo, ndipo amawononga njira ya chiberekero. Alimi a kumeneko adathandizika pamene akatswiri a mbewu adasankha mitundu ya clover yokhala ndi zinthuzi zochepa. Phunziro lake kwa oyesa mbewu za msipu n'lakuti mbewu yatsopano iyezedwenso pa ana obadwa, kuwonjezera pa kulemera kwa zokolola zake.

Maola oyamba mwana akabadwa

Dongosolo lomwe Robinson adapeza limabwereranso pa kuswa. M'zaka za m'ma 1960, Graham Liggins wa ku New Zealand adasonyeza kuti mwana wa nkhosa ali m'mimba ndiye amayambitsa kubadwa kwake potulutsa homoni ya cortisol. Cortisol amachititsa kuti progesterone wa mayi atsike ndipo oestrogen akwere. Mwana akamadutsa m'njira, ubongo wa mayi umatulutsa oxytocin. Pascal Poindron ndi Pierre Le Neindre a ku France adafotokoza kuti kusinthaku kumatsegula nthawi yaifupi yomwe nkhosa imakopeka ndi madzi a pathupi la mwana ndipo imalola mwana aliyense. Mu 1987, Keith Kendrick, Barry Keverne ndi Basil Baldwin adasonyeza ku Cambridge kuti oxytocin woikidwa mu ubongo amadzutsa khalidwe la umayi mwa nkhosa yopanda bere, malinga ngati idayamba yalandira oestrogen.

Pa maola awiri mpaka anayi oyamba, nkhosa imanyambita mwana n'kuphunzira fungo lake, ndipo kuyambira pamenepo imakana ena onse. Mwana akachotsedwa atangobadwa n'kukhala kutali theka la tsiku kapena tsiku lonse, nkhosa zambiri sizimulandiranso. M'khola lothithikana momwe mbuzi ndi nkhosa zimagona pamodzi, mwana wobadwa usiku amatha kupondedwa kapena kusiyana ndi mayi wake pa maola amenewa. Chimodzimodzi mwana yemwe wanyamulidwa kupita naye kukhitchini kuti akafunde, kapena yemwe watsala pakhomo m'mawa mayi atapita kudambo ndi gulu. Nkhosa yomwe imatchedwa yoipa mtima nthawi zambiri idangolandidwa maola ake. Kachipinda kouma ka m'mbali mwa khola, komwe mayi ndi mwana angakhale okha masiku awiri kapena atatu ali ndi madzi ndi chakudya, kamateteza nthawi imeneyi ndipo kamathandiza mwana kuyamwa mkaka woyamba. Wofuna kuyamwitsa mwana wamasiye kwa nkhosa ina achite zimenezi nkhosayo ikungoswa, atamupaka madzi a mwana wake weniweni.

Ntchito yomwe yatsala

Kuchokera kwa Marshall mu 1903 kufika kwa Kendrick mu 1987, mayankho adapezeka pamene akatswiri adayamba kulemba masiku ndi maola. Chida chomwecho chili m'manja mwa alangizi a ziweto ndi makalabu a alimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje. Kope lolembamo tsiku lomwe yamphongo idalowa, tsiku lomwe nkhosa iliyonse idaswa, ndi ngati mwana adafika miyezi itatu ali moyo, likhoza kusonyeza m'zaka ziwiri kapena zitatu mwezi womwe ana amapulumuka kwambiri m'mudzi uliwonse. Pochotsa masiku 147 pa tsiku loswa, mlangizi amadziwa tsiku lokwera, ndipo amatha kuona ngati likugwirizana ndi kutayirira kwa ziweto mu Juni.

Popeza yamphongo imodzi imatumikira makola angapo, ndipo kutayirira ziweto kumalamulidwa ndi mudzi, banja limodzi silingasinthe kalendalayi palokha. Pamafunika mgwirizano wa kalabu ndi mfumu pa zinthu zitatu: kumene zamphongo zisungidwe, tsiku lomwe zilowe, ndi kusinthana zamphongo pakati pa midzi pakatha chaka kapena chaka ndi theka kuti zisakwere ana awo. Kwa masiteshoni a kafukufuku, mayeso oyenera ndi oyerekeza magulu okweretsedwa mu Juni, mu Sepitembala ndi mu Disembala, ena opatsidwa zotsalira za mtedza ndi ena osapatsidwa, pa nkhosa za makolo ndi zosakaniza ndi Dorper. Muyezo wake ukhale chiwerengero cha ana oleka kuyamwa ali moyo pa nkhosa yaikazi iliyonse pa chaka, chifukwa chimenechi ndicho mlimi amapita nacho kumsika.